Kukaonetsa ana chipale ku Serra da Estrela: zofunika kwa banja la msilikali wochokera ku Tete

Asilikali athu a FADM, gulu lankhondo la Mozambique, amene amatumizidwa ku Portugal, kaya kukaphunzira ku Instituto Universitário Militar ku Pedrouços, kaya kukagwira ntchito ku ofesi ya kazembe wathu ku Lisboa, ambiri amachezeredwa ndi mabanja awo mu Disembala ndi Januwale. Sukulu za kuno zimakhala zitatsekera, ndiye amayi amatenga ana n'kukwera ndege. Amachoka kuno kukutentha, chimanga chili m'mawondo, n'kukatsikira pakati penipeni pa nyengo yozizira. Ana akangofika, nyimbo imakhala imodzi: tikaone chipale. Mu Lisboa chipale chimagwa mwa apo ndi apo, patapita zaka zambirimbiri, choncho Apwitikizi eni ake akachifuna amapita kuphiri la Serra da Estrela. Inunso n'kumene mudzapite.

Ife a ku Angónia ndi Tsangano tili ndi kamatama kathu: timati kuzizira timakudziwa, osati anzathu a mu mzinda wa Tete amene amafunda bulangete kukangochita mitambo. Ena amafika powerengera mapiri, kuti Dómuè wathu ndi wamamita 2095 pamene Torre, nsonga ya Serra da Estrela, ndi yamamita 1993 okha. Masamuwo ndi oona, koma amasocheretsa. Kuzizira kwa kwathu n'kouma. Mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa m'dambo m'bandakucha, koma pofika 9 koloko dzuwa lakwera ndipo anthu avula majuzi. Ku Portugal nyengo yozizira ndi yomweyonso ya mvula. Pamwamba pa phiri mphepo siileka, dzuwa limalowa itangokwana 5 koloko, ndipo chipale chikakhudza thupi lofunda chimasanduka madzi. Madzi amachotsa kutentha m'thupi msanga kuposa mpweya maulendo pafupifupi 25. Walira mvula walira matope: mwana amene akulirira chipale akulirira kunyowa, ndipo ntchito yonse ya tsikulo ndi kuonetsetsa kuti madziwo asafike pakhungu lake.

Musanaganize za majekete, abambo akonze za kuntchito. Msilikali amene ali pa maphunziro kapena pa ntchito kunja sangodzuka n'kupita mtunda wa makilomita 300 osadziwitsa omuyang'anira. Pemphani chilolezo, onani kuti simuli pa ndandanda ya olondera Loweruka kapena Lamlungu limenelo, ndipo musiye tsiku limodzi lopuma pakati pa kubwerako ndi tsiku loyamba ntchito, chifukwa msewu wa kuphiri umatsekedwa mosachenjeza. Yunifolomu isiyeni kunyumba. Aliyense, ngakhale khanda, ayende ndi pasipoti yake kapena chiphaso chokhalira m'dzikomo, pamodzi ndi mapepala a inshuwalansi ya chipatala.

Disembala sadalirika. Zaka zina Khirisimasi imadutsa pamwamba pali miyala yokhayokha. Nthawi yabwino ndi kuyambira pakati pa Januwale mpaka Malichi, ndipo ngati n'kotheka pitani mkati mwa sabata. Masiku a chikondwerero cha Carnaval galimoto zimandandana kuchokera m'munsi, mumatha maola muli pamzere. Dzulo lake ndi m'mawa wa tsikulo onani zanyengo pa tsamba la IPMA, bungwe la boma loona zanyengo. Machenjezo awo ali ndi mitundu: wachikasu, wa lalanje ndi wofiira. Ndi ana, wa lalanje ndi wokwanira kusintha tsiku. Tsiku lokoma si limene chipale chikugwa ayi, koma lotsatira lake, kumwamba kutayera ndipo magalimoto okankha chipale a ku Piornos, malo a paphiripo, atatsegula msewu.

Kuchokera ku Lisboa mumatenga msewu wa A1 mpaka cha ku Torres Novas, kenaka A23 kudutsa Abrantes, Castelo Branco ndi Fundão mpaka Covilhã. Ndi makilomita pafupifupi 280, maola atatu. Sitima nayonso ilipo, yochokera ku Santa Apolónia kapena Oriente, koma imakusiyani ku Covilhã, ndipo phiri mudzakwerabe pa galimoto. Kuchoka ku Covilhã, msewu wa N339 umakwera makilomita pafupifupi 20 kudzera ku Penhas da Saúde ndi Piornos mpaka Torre, n'kutsikira mbali ina ku Sabugueiro ndi Seia. Ndi wokhotakhota kwambiri, choncho mwana wa nseru asadye zamafuta asanakwere, ndipo mukhale ndi thumba pafupi. Kupita ndi kubwera tsiku limodzi kuchokera ku Lisboa n'kotheka, koma ndiye kuti woyendetsa adzatsika phiri atatopa, kunja kuli mdima. Kuli bwino kugona ku Covilhã, Seia kapena Manteigas.

Musanyengedwe ndi mmene kulili m'munsi. Mukakwera mamita 1000, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena 7. Covilhã ili pa mamita pafupifupi 700, ndiye ngati kumeneko kuli madigiri 6, ku Torre kuli 2 pansi pa ziro. Kukawomba mphepo yothamanga makilomita 40 pa ola, khungu limamva ngati kuli 10 pansi pa ziro.

Tsopano zovala, pamene mabanja athu amalakwitsa kwambiri. Chizolowezi chathu n'kugula chijekete chimodzi chachikulu n'kuchivala pamwamba pa malaya a thonje ndi jinzi. Thonje limamwa madzi ndi thukuta n'kuzisunga pakhungu. Jinzi ikanyowa siuma tsiku limenelo. Chofunika ndi zovala zitatu zosanjikiza, chilichonse ndi ntchito yake. Chamkati chikhale chothina, cha ubweya wa nkhosa kapena cha poliyesita, malaya a manja aatali ndi kabudula wofika m'akakolo; ichi chimachotsa thukuta pakhungu. Chapakati ndi juzi ya ubweya kapena fleece, yosunga mpweya wofunda. Chakunja ndi jekete ndi thalauza zosalowa madzi ndi mphepo. Thalauzalo ndi limene anthu amaumira kugula, pomwe mwana amathera tsiku lonse atakhala pansi kapena atagwada m'chipale. Zonsezi zimapezeka m'masitolo a zamasewera monga Decathlon, ndipo mabanja a anzanu a kuntchito amene ana awo akula angakubwerekeni.

Nsapato za tenisi sizithandiza, zimanyowa m'mphindi zochepa ndipo zimaterera. Pamafunika jombo zosalowa madzi, za mapazi okakala, zokulirapo ndi saizi imodzi. Valani sokosi imodzi yokhuthala ya ubweya, osati zitatu zothithikana, chifukwa nsapato ikathina magazi sayenda bwino ndipo phazi limazizira msanga kuposa likanakhala ndi sokosi imodzi. Mwendo wa thalauza uphimbe jombo kunja kuti chipale chisalowere pamwamba. Magolovesi oluka aja amanyowa mwana akangoumba chibulunga choyamba; gulani osalowa madzi, ndipo kwa ana aang'ono abwino ndi aja osunga zala zinayi pamodzi. Chipewa chiphimbe makutu. Pakhosi ndi bwino kansalu kozungulira kolowetsa kumutu kusiyana ndi mpango wautali, umene ungakole mwana akamatsetsereka. Mwana aliyense akhale ndi zosinthira zonse, kuyambira chamkati mpaka sokosi ndi magolovesi, m'thumba la pulasitiki losiyidwa m'galimoto.

Amayi, chitenje tengani, chidzathandiza kufunditsa ana m'galimoto, koma musachidalire kunja. Ndipo nkhani yobereka mwana kumbuyo iganizireni kawiri. Inu mukuyenda, thupi lanu likutentha, koma khanda lili phee, timiyendo tili panja pa mphepo, ndipo simukuliona nkhope. Komanso munthu akaterera pa madzi oundana nthawi zambiri amagwa chagada. Khanda likhale kutsogolo, pachifuwa, mkati mwa jekete yanu, mphuno ndi pakamwa zili poyera. Ngati sanakwanitse chaka, ife tikuona kuti n'kwanzeru kuti wamkulu mmodzi atsale naye m'nyumba yodyera yofunda, ena akasewere.

Inu abambo, thupi lanu si muyeso. Munazolowera kugona kutchire ndi kupirira, ndipo jombo zanu ndi zabwino. Mwana ali ndi khungu lalikulu poyerekeza ndi kulemera kwake, choncho amataya kutentha msanga, ndipo akamasangalala sanena kuti wazizidwa. Ena amaopa kunena poti abambo anawauza kuti mwamuna salira. Ikani lamulo la nthawi: mphindi 30 kunja, kenaka onse m'galimoto kapena m'nyumba, kuvula magolovesi, kugwira zala ndi makutu, kumwa chotentha, kenaka n'kubwereranso.

Dzuwa nalo limapweteka. Chipale chatsopano chimabweza mbali yaikulu ya kuwala kwa dzuwa, mpaka 80 pa 100 alionse, ndiye maso amapsa osazindikira, usiku n'kuyamba kuwawa ndi kutuluka misozi. Aliyense avale magalasi a dzuwa, ngakhale kuli mitambo. Khungu lathu lakuda nalo limauma n'kung'ambika, makamaka milomo. Pakani vaselini musanatuluke.

Za galimoto zimafuna kudekha. Choyamba, ku Portugal amayenda kumanja kwa msewu, osati kumanzere ngati kwathu. Mu mzinda munthu amatsatira anzake, koma kuphiri, potuluka pamalo oimikapo magalimoto, msewu uli wopanda munthu, dzanja limabwerera ku chizolowezi. Wokhala pambali pa woyendetsa azikumbutsa. Lamulo la kumeneko likuti mwana wosakwana zaka 12 amene sanafike masentimita 135 akhale pa mpando wa ana womangidwa ndi lamba. Zonyamula mwana pamiyendo n'zosaloledwa. Pomumanga, muvuleni chijekete chokhuthala, chifukwa chimasiya mpata pakati pa lamba ndi thupi; mufunditseni pamwamba mutamanga kale. Thirani mafuta odzaza tanki ku Covilhã kapena Seia.

Matcheni a matayala agulidwe mogwirizana ndi nambala zolembedwa m'mbali mwa tayala, monga 195/65 R15. Ngati galimoto ndi yahayala, apempheni pomwe mukuitenga. Amamangidwa pa matayala amene injini imazunguza, ndipo pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri ndi akutsogolo. Yeserani kumanga muli kunyumba, masana, pouma. Munthu amene akutsegula bokosi koyamba m'mbali mwa msewu, zala zitachita dzanzi, amatha theka la ola n'kumangabe mokhota. Kamangidwe ka mtundu wofala n'kotere: imani pamalo athyathyathya, tambasulani tcheni pansi kuti pasakhale popiringizana, pititsani chingwe chake cholimba kuseri kwa tayala, kwezani nsonga zonse ziwiri n'kuzikoleka pamwamba, kankhirani chingwecho kuseri, kenaka kolekani mbedza zakutsogolo n'kukoka tcheni chomangira mpaka chithine. Yendani mamita 50 kapena 100, imani, mangitsaninso, poti chimakhala chakhwepa. Musapitirire makilomita 40 pa ola, ndipo phula likangoonekera chotsani, apo ayi muwononga tayala ndi tcheni lomwe. Magolovesi akale ndi katoni yogwadira zikhale m'bokosi lomwelo.

Pokwera vuto silikhala lalikulu. Ngozi zambiri zili potsika. Tsikani ndi giya yachiwiri kuti injini igwire galimoto, mabuleki muziponda pang'onopang'ono musanafike pokhota, osati muli pakati pake. Pa madzi oundana mtunda woimira ukhoza kuchuluka kakhumi, ndiye siyani mpata waukulu ndi amene ali patsogolo. Choopsa kwambiri si chipale choyera chimene mukuchiona, koma madzi amene anasungunuka masana n'kuundananso pa phula madzulo. Amaoneka ngati msewu wongonyowa, makamaka pamthunzi ndi pa milatho, koma amaterera ngati therere. Buleki ikayamba kunjenjemera pansi pa phazi musachotse, ndi ABS, makina oletsa matayala kukanirira poponda buleki, ikugwira ntchito yake. Matayala akamazungulira pamalo amodzi ponyamuka, chepetsani moto n'kunyamuka ndi giya yachiwiri. Galasi likaundana palani ndi chopalira cha pulasitiki; madzi otentha amaliswa. Likachita nthunzi mkati, yatsani AC pamodzi ndi mpweya wotentha n'kuulozetsa pagalasi. Apolisi a GNR akatseka msewu, watsekedwa basi. Chiphaso cha usilikali sichitsegula, ndipo kukangana nawo kungakufikitseni nkhani kwa akuluakulu anu.

Kunena zoona, ana safunika kufika ku Torre. Nthawi zambiri chipale chokwanira chimapezeka ku Penhas da Saúde, pa mamita pafupifupi 1500, kapena ku Piornos, kumene mphepo ndi yocheperapo ndipo pothawira pali pafupi. Mukafika pamwamba mudzaona kansanja ka miyala ka mamita 7 kamene kanamangidwa kuti nsonga ikwane mamita 2000, nyumba ziwiri za madenga obulungira zimene kale zinali za radar ya asilikali a ndege, timasitolo, ndi malo a masewera a ski, otsetsereka pa chipale. Ski isiyeni kwa amene alipira mphunzitsi. Ana amakhutira ndi kambale ka pulasitiki kotsetserekera kamene amagulitsa pomwepo. Musanawalole, wamkulu ayende wapansi pamalo onsewo. Phirilo ndi la miyala, ndipo chipale chopyapyala chimabisa miyala ndi maenje. Sankhani kamtunda kofatsa kothera pachidikha, kosaloza kumsewu, kumagalimoto kapena kuphompho. Mwana akhale tsonga, miyendo kutsogolo, osagona chamimba mutu uli patsogolo, ndipo wamkulu mmodzi aime m'munsi. Musayende pamwamba pa dziwe loundana, ngakhale muone mapazi a ena. Chifunga chikayamba kubwera bwererani kugalimoto nthawi yomweyo, chifukwa kumwamba ndi pansi zimayera mofanana ndipo munthu amasochera ali pafupi ndi msewu.

Mwana amene kuzizira kwamulowa amayamba ndi kunjenjemera, milomo imasintha mtundu, zala zimakanika kutseka zipi. Zikapitirira amalankhula mokoka, amapunthwa, amakwiya kapena kungoti zii, kenaka amawodzera. Akasiya kunjenjemera koma akadali wozizira, zafika poipa: imbani 112, nambala ya ngozi ya dziko lonselo. Chipatala chachikulu chapafupi mbali imeneyo chili ku Covilhã. Podikira, mulowetseni mofunda, vulani zonyowa zonse, mumukumbatire khungu ndi khungu pachifuwa panu, mufunde bulangete nonse, mutu wake utaphimbidwa. Yambani kutenthetsa chifuwa ndi mimba, osati manja ndi miyendo. Ngati ali maso ndipo akumeza bwino, mpatseni tiyi wa shuga wofunda. Zala zimene zatuwa, zauma gwa ndipo sizikumva kanthu musazitikite, musazipake chipale, ndiponso musaziyandikize pamoto, poti khungu la dzanzi limapsa mwini wake osamva. Ziviikeni m'madzi ofunda a madigiri 37 mpaka 39, amene chigongono chanu chikupirira bwinobwino. Zikamabwerera zimawawa kwambiri, mwana adzalira, koma ndi mmene zimakhalira.

Kamba wa paulendo akhale wosavuta: mafulasiki awiri, ina ya tiyi ina ya phala kapena supu, buledi, mtedza, nthochi, mazira owiritsa, kachewere wophika wokulunga m'nsalu. Kozizira ludzu silimveka, komabe thupi limataya madzi popuma, ndiye muziwakumbutsa ana kumwa. Chipale asadye. Ogulitsa adzakulawitsani kachasu wawo n'kumati amatenthetsa. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva kufunda pamene kutentha kukuthawa m'thupi, ndipo malire a woyendetsa galimoto kumeneko ndi magalamu 0.5 pa lita ya magazi. Tchizi chotchuka cha m'phirimo, chofewa chodya ndi supuni, amapanga ndi mkaka wa nkhosa wosawiritsa, choncho amayi oyembekezera achipewe. Foni isungeni m'thumba lamkati pafupi ndi thupi, chifukwa batire ikazizidwa imatha mwadzidzidzi.

Pali chinthu china chimene chimapha anthu chaka ndi chaka, kwathu kuno ndi ku Portugal komwe: makala m'nyumba yotseka. Mu Juni timalowetsa mbaula m'chipinda, ndipo kumidzi ya Apwitikizi nakonso ali ndi mbaula zawo zoika pansi pa tebulo. Kusiyana kwake n'koti nyumba zathu zambiri zili ndi mipata pansi pa denga, pamene za kumeneko zimatsekeka ndithu. Makala ndi zotenthetsera za gasi zimatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo kapena mtundu. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, ndipo ukapeza anthu ali m'tulo sadzuka. Ngati nyumba imene mwagona ili ndi moto wa nkhuni, mbaula kapena chotenthetsera cha gasi, zimitsani musanagone ndipo siyani zenera lotsegula pang'ono. Banja lonse likadwala mutu nthawi imodzi, tulukani panja kaye, zina mufunse pambuyo. Zovala zonyowa musayanike pamwamba pa chotenthetsera cha magetsi. M'galimoto ndi chimodzimodzi: mukatsekeredwa pamsewu n'kumadikira, onani kuti paipi ya utsi sinakwiririke ndi chipale, lizani injini mphindi 10 pa ola lililonse, zenera limodzi lili lotsitsa pang'ono, ndipo musachoke m'galimotomo kukafuna njira wapansi.

Yambani kutsika pofika 3 koloko masana, ngakhale ana alire. Ikamakwana 4 dzuwa limakhala lapendeka, madzi a pamsewu ayamba kuundana, ndipo aliyense amafuna kutsika nthawi imodzi. Asanakwere m'galimoto, ana asinthe zovala zonse zonyowa, jombo zikutumulidwe, zonyowazo zilowe m'thumba la pulasitiki kuti magalasi asachite nthunzi. Mukapeza kuti msewu wa ku Torre ndi wotseka tsiku lonse, ku Covilhã kuli nyumba yosungiramo mbiri ya nsalu za ubweya, ku Seia kuli ya mbiri ya buledi, ndipo ku Manteigas, msewu wake ukakhala wotsegula, mungaone chigwa cha mtsinje wa Zêzere chimene chinakumbidwa ndi madzi oundana kalekale. Mawa lake m'mawa onaninso IPMA, ndipo mufunse a pamalo amene mwagona ngati msewu watsegulidwa musanalize galimoto.